Ufumu wa m'nyenyezi wagwa, nanga m'mawa mwake? Kalembedwe ka ndale za pambuyo pake

Pa 18 Meyi 1991, Sergei Krikalev ananyamuka pa Baikonur kupita ku Mir, siteshoni ya Soviet Union yomwe inkazungulira dziko lapansi m'mlengalenga. Ankayembekezera kukakhalako miyezi isanu. Ali m'mwamba momwemo, dziko lomwe linamutuma linaphwasuka. Pa 25 Disembala chaka chomwecho mtsogoleri wa dzikolo Mikhail Gorbachev anatula pansi udindo, mbendera yofiira inatsitsidwa pa Kremlin, ndipo pomwe panali dziko limodzi panatsala mayiko 15. Krikalev anatsika pa 25 Malichi 1992 atatha masiku 311 m'mwamba. Anatera ku Kazakhstan, komwe tsopano kunali kwa eni, ndipo mzinda wakwawo wa Leningrad unali utasintha kale dzina kukhala St Petersburg.

Ngati mukulemba buku la nthano ya m'mlengalenga, la zombo zoyenda pakati pa nyenyezi, la matsenga ndi ufumu waukulu wolamulira mapulaneti ambirimbiri, munthu ngati ameneyu ndi amene buku lanu likumusowa. Ambirife nkhondo yomaliza timailemba bwino: mfumu yankhanza yafa, nyumba yachifumu ikuyaka, anthu akuvina m'misewu. Likafika tsiku lotsatira, cholembera chimauma. Malangizo awa ndi a tsiku lotsatiralo. Pezani kope, mapepala aakulu awiri ndi pensulo yokhala ndi labala, chifukwa mufufuta kambiri.

Gawo loyamba: tsimikizani mmene ufumuwo wagwera

Pamwamba pa tsamba loyamba la kope lembani chiganizo chimodzi chonena chomwe chapha ufumuwo. Chimodzi basi. Kagwedwe kake ndi komwe kakuuzeni amene wadzuka ndi mphamvu m'mawa mwake.

Ukagwa pogonja pankhondo, wogonjetsayo ndiye amagawa nyama. Ukagwa chifukwa mwini wake wafa osasiya wolowa m'malo wodziwika, akuluakulu a asilikali amayamba kuyang'anizana ndi diso lofiira. Alexander wa ku Macedonia atamwalira ku Babylon mu 323 BC ali ndi zaka 32, mkazi wake Roxana anali ndi pakati, ndipo akazembe ake anagawana zigawo ponena kuti akungosungira mwanayo. Ulipo wina umene umangodyeka ngati nsanamira ya chiswe. Mu 476 mkulu wa asilikali Odoacer anachotsa pampando mnyamata Romulus Augustulus, mfumu ya ufumu wa Rome wa kumadzulo, n'kutumiza zizindikiro zachifumu kwa mfumu Zeno ku Constantinople, koma nyumba ya malamulo ya ku Rome inapitiriza kukumana ngati kale.

Kwa wolemba amene akuyamba kumene, ine ndimasankha njira yachiwiri. Olimbiranawo amadziwana, anadyera mbale imodzi, ena anakwatirana pachibale. Chidani cha anthu otero sichivuta kulemba.

Gawo lachiwiri: lembani ntchito zonse zimene ufumuwo unkagwira

Tengani pepala lalikulu loyamba, mulidule ndi mzere pakati. Kumanzere lembani chilichonse chimene ufumuwo unkachita tsiku ndi tsiku, choipa ndi chabwino chomwe. Kumanja lembani amene akugwira ntchitoyo lero, kapena mawu akuti "palibe".

Buku lonse lagona apa, ndiye musathamange. Ufumu wankhanza unkapha ndi kumanga anthu, zoona, koma ndi womwewo umene unkalipira aphunzitsi, kusindikiza ndalama, kuweruza milandu ya malo, kuthamangitsa achifwamba m'njira za zombo ndi kutumiza chakudya kumene kulibe minda. Mzinda wa Rome unkadya tirigu wochokera kumpoto kwa Africa. Mtundu wa anthu otchedwa a Vandal utalanda mzinda wa Carthage wa kumeneko mu 439, nkhokwe imeneyo inagwa m'manja mwa adani. Mzinda umene pachimake pake munali anthu pafupifupi miliyoni imodzi unapitirira kuchepa ndi njala, nkhondo ndi kusamuka, mpaka m'zaka za m'ma 500 munatsala kagawo kochepa chabe ka anthuwo.

M'mlengalenga zimenezi zimaluma kuposa pansi pano. Boma likagwa, munthu wakumudzi amalowa m'munda, amakumba chinangwa, moyo n'kumapita. Munthu wa pa siteshoni yozungulira pulaneti lopanda mpweya alibe munda, alibe chitsime. Madzi, mpweya wopuma, mafuta ndi zitsulo zosinthira makina zonse zimabwera ndi chombo. Choncho pambali pa chinthu chilichonse chakumanzere lembani masiku: mpweya wa m'matanki ukwana masiku angati, chakudya masiku angati, sefa za madzi zitha liti. Nambala yochepetsetsa pa zonsezo ndiyo wotchi ya buku lanu. Mukati mpweya ukwana masiku 40, ndiye kuti msonkhano uliwonse wa ndale m'bukumo ukuchitika anthu akuwerenga masiku ndi zala, ndipo wosunga makiyi a matanki wasanduka munthu wamkulu kuposa nduna.

Ndalama musaziiwale. Soviet Union itatha, mayiko angapo atsopanowo anapitiriza kugwiritsa ntchito ruble, ndalama ya Soviet Union, mpaka 1993. Ukraine inayamba ndi timapepala ta makuponi mu 1992, ndipo ndalama yake yeniyeni, hryvnia, inadzabwera mu 1996. M'buku lanu zimenezi musazifotokoze ngati phunziro la zachuma. Tionetseni mayi wogulitsa ndiwo pamsika wa padoko la zombo. Walandira ndalama yachitsulo yokhala ndi nkhope ya mfumu yomwe yafa dzana, akuitembenuza, akuikanda ndi chikhadabo, kenako akuibweza n'kunena kuti, "Bambo, iyi sungani. Ngati muli ndi mabatire awiri, tengani mulu wonsewu." Wowerenga wamva kale kuti ufumu watha, ngakhale simunatchule mawu amenewo.

Gawo lachitatu: jambulani mapu a nthawi

Pepala lachiwiri ndi la mapu, koma muyeze masiku m'malo mwa mtunda. Pakati ikani likulu. Pa pulaneti lililonse lembani masiku amene uthenga umatenga kuti ufikeko, ndi masiku amene chombo cha nkhondo chimatenga. Nambala ziwirizi zisafanane.

Kuwala kwa dzuwa kumatenga mphindi 8 kuti kufike kuno. Uthenga wa pawailesi wopita ku Mars umayenda mphindi zapakati pa 3 ndi 22, kutengera pomwe mapulaneti awiriwa ali. Kukafika ku Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu, pamafunika zaka zoposa 4. M'nthano yanu mudzakhala ndi njira yachidule, kaya zipata zamatsenga kaya zombo zodumpha mtunda. Palibe cholakwika. Koma ikani lamulo la kayendedwe kake ndipo mulisunge mpaka tsamba lomaliza. Ndawerengapo zolemba zingapo za anzanga momwe uthenga wa imfa ya mfumu umafika mu mlalang'amba wonse ola limodzi, ndipo nthawi zonse ndimamva chisoni, chifukwa wolembayo wataya ndi manja ake nkhani zabwino kwambiri zimene anali nazo.

Onani zimene zinachitika ku Zambia kuno. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inaima pa 11 Novembala 1918, ufumu wa Germany utagwa kale. Koma kazembe wa nkhondo wa Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, ndi asilikali ake, ambiri mwa iwo a mu Africa muno, anali akuyendabe ndi mfuti kumpoto kwa Northern Rhodesia. Uthenga unawapeza pa 14 Novembala pafupi ndi mtsinje wa Chambeshi, ndipo anakapereka zida pa 25 Novembala ku Abercorn, komwe lero ndi ku Mbala. Amenewo anali masiku ochepa chabe. Hiroo Onoda, msilikali wa Japan pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse yomwe inatha mu 1945, anapitiriza nkhondo m'nkhalango za pachilumba cha Lubang ku Philippines mpaka 1974. Timapepala tomuuza kuti nkhondo inatha ankationa, koma ankati ndi msampha wa adani. Anagonja pokhapokha mkulu wake wakale atabwera yekha kudzamumasula pa lamulo lomwe anapatsidwa.

Ndiye pamapu anu zungulizani malo atatu: kumene amva kale, kumene sanamve, ndi kumene amva koma sakukhulupirira. Onjezani malo achinayi, kumene bwanamkubwa wamva yekha n'kubisira anthu ake, akusonkhetsabe msonkho m'dzina la mfumu yomwe ili m'manda.

Gawo lachinayi: werengani asilikali ndi zida

Funsani mafunso awiri pa gulu lililonse la nkhondo. Alipidwa ndi ndani kumapeto kwa mwezi? Analumbira kwa ndani, kwa mfumu, kwa dziko, kapena kwa kapitao wa chombo chawo?

Mu Meyi 2003, Paul Bremer, yemwe ankayendetsa Iraq m'malo mwa America boma la Saddam Hussein litagwa, anasaina malamulo awiri. Loyamba linachotsa ntchito akuluakulu a Baath, chipani cha Saddam, ndipo pagululo panali aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma ambiri. Lachiwiri linathetsa gulu lonse la asilikali. Amuna pafupifupi 400,000 odziwa mfuti anapezeka ali pakhomo opanda malipiro, ndipo ambiri amene afufuza nkhondo ya ku Iraq amati apa ndi pamene zigawenga zinapezera anthu. Opambana a m'buku lanu adzakumana ndi chisankho chomwecho. Akasunga asilikali a mfumu, anthu amene anazunzidwa adzati mwatipereka. Akawachotsa, chombo chilichonse chosalipidwa chisanduka cha achifwamba. Musawapatse njira yachitatu yopepuka.

Kenako pezani pomwe chida choopsa kwambiri chagona. Nthawi zambiri sichikhala kulikulu. Soviet Union itatha, mabomba a nyukiliya anatsalira ku Ukraine, Belarus ndi Kazakhstan, ndipo zinatenga zokambirana mpaka pangano la ku Budapest la mu Disembala 1994 kuti nkhani yoti mayikowo asiye mabombawo ithe. Za zombo zankhondo za pa Black Sea, Russia ndi Ukraine anadzagwirizana kagawidwe kake mu 1997. Baikonur, pomwe Krikalev ananyamukira paja, inapezeka ili m'dziko la Kazakhstan, ndipo Russia imalipira lendi kuti izigwiritsa ntchito. Chitani chimodzimodzi: chipata chachikulu cha zombo chikhale pa pulaneti laling'ono lomwe aliyense ankalinyoza.

Gawo lachisanu: pangani olimbirana mpando

Atambala awiri salira m'khola limodzi, koma m'buku ndi bwino akhale atatu kapena anayi, kuti awiri azitha kugwirizana pa wachitatu. Kuti munthu akhale pampando amafunika zinthu zitatu: chodyetsa anthu, zida, ndi chifukwa choti anthu avomereze kuti mpandowo ndi wake. Aliyense wa olimbirana anu mumupatse ziwiri, chachitatu mumumane. Zochita zake zonse m'bukumo zichokere pa kusaka chomwe akusowacho.

Chachitatucho ndi chimene olemba ambiri amachipeputsa, pomwe anthu amaphana chifukwa cha icho. Mtembo wa Alexander uli paulendo, Ptolemy, mmodzi wa akazembe ake, anaulanda n'kupita nawo ku Egypt, kumene unadzagona ku Alexandria, chifukwa wosunga mtembo ankaoneka ngati wosunga ufumu. Akazembewo anakhala zaka zoposa 15 osayerekeza kudzitcha mafumu. Anavala zisoti mu 306 ndi 305 BC, mnzawo Cassander atapha kale Roxana ndi mwana uja. Ku Russia, mwana wa mfumu Ivan wotchedwa Dmitry anamwalira mu 1591, koma kunatuluka anthu atatu, mmodzi pambuyo pa mnzake, aliyense akuti ndine Dmitry, ndipo woyambayo anakhaladi pampando ku Moscow kuyambira 1605 mpaka anaphedwa mu 1606. Ku China, Puyi anatula ufumu mu 1912 ali ndi zaka 6, koma anamulola kukhalabe m'nyumba yachifumu mpaka 1924. Mu 1934 a Japan anamuveka ufumu wa Manchukuo, dziko lomwe anakhazikitsa kumpoto chakum'mawa kwa China, kuti azilamulira kudzera mwa iye. Pomalizira pake anagwirapo ntchito m'munda wa maluwa ku Beijing, n'kumwalira mu 1967. Mwana wa mfumu wotsala wamoyo ndi katundu amene aliyense akufuna kumunyamula, ndipo iye mwini safunsidwa.

Matsenga a buku lanu aloweze pamenepa. Musawasiye kuti angokhala ophulitsira zombo. Afunseni ntchito yawo pa ufumu: ndani amadzoza mfumu, ndani amatsegula zipata za pakati pa nyenyezi, ndipo kodi mphamvuyo imayenda m'magazi, imaphunziridwa, kapena imakhala pamalo? Ife tili ndi chitsanzo pafupi. Mu ufumu wa Maravi, Kalonga ankalamulira ali ku Mankhamba, koma za mvula zinali m'manja mwa Makewana ku Msinja. Undi ndi Lundu anadzakhala ndi maufumu awoawo, ndipo mphamvu ya pakati itatha, mayina ndi mipando sizinathe. Lero lino Kalonga Gawa Undi ali ku Mkaika ku Katete, Lundu ali ku Chikwawa, ndipo kachisi wa Mbona ku Khulubvi akadalipo. Ansembe a m'buku lanu akhoza kukhala okhawo amene ufumu utagwa sanasunthike, ndipo wolimbirana aliyense ayenera kukagwada kwa iwo, ngakhale amene sakhulupirira.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: dulani malire mofulumira

Malire a pambuyo pa ufumu amadulidwa ndi anthu otopa, othamangitsidwa ndi nthawi. Cyril Radcliffe, loya wa ku Britain, anali asanapondepo ku India pamene anapatsidwa milungu isanu mu 1947 kuti alekanitse India ndi Pakistan. Mzere wake unalengezedwa pa 17 Ogasiti, mayikowo atalandira kale ufulu, ndipo anthu oposa 10 miliyoni anasamuka, ambirimbiri n'kufera panjira. Bwererani pamapu anu, mudule mzere umene ukusiya mgodi mbali ina, fakitale yoyenga miyalayo mbali ina.

Ganiziraninso ana a ufumuwo amene atsalira kunja. Mu 1991 anthu a mtundu wa Chirasha pafupifupi 25 miliyoni anadzuka ali kunja kwa Russia osasuntha phazi. Pa pulaneti lanu lakutali pali mwana wa kalaliki wa mfumu. Anabadwira pomwepo, kulikulu sanapiteko, koma lero anzake amene ankasewera nawo akumuuza kuti azipita kwawo.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: sankhani chochita ndi olakwa

Mlandu suwola, ndipo anthu amene abale awo anasowa m'ndende za mfumu adzabwera pabwalo. Njira zimene anthu ayesapo ndi zingapo. Ku Nuremberg ku Germany, kuyambira 1945 mpaka 1946, anazenga akuluakulu 22 a boma la Nazi, 12 anagamulidwa kuti aphedwe, atatu anamasulidwa. Ku South Africa, bungwe lotsogoleredwa ndi Desmond Tutu linayamba kumva maumboni a nkhanza za nthawi ya tsankho mu 1996, ndipo wolakwa ankatha kukhululukidwa akaulula zonse. Ku Rwanda milandu yambiri ya kuphedwa kwa anthu ochuluka mu 1994 inapita kumabwalo a m'midzi otchedwa gacaca. Sankhani imodzi, kenako lembani munthu amene njirayo yamulakwira.

Koma munthu amene adzavutitse opambana anu kwambiri ndi katswiri. Wernher von Braun anatsogolera ntchito yopanga mizinga ya V-2 ya Germany, yomwe inkapangidwa ndi akaidi ogwiritsidwa ntchito yakalavulagaga ku Mittelbau-Dora, kumene anthu masauzande ambiri anafera. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha a America anamutenga, ndipo ndi gulu lake lomwe linapanga Saturn V, roketi imene inapititsa anthu kumwezi mu 1969. Ikani munthu wotere pa siteshoni yanu. Manja ake ali ndi magazi, aliyense akudziwa, koma ndi yekhayo amene amatha kukonza makina opangira mpweya, ndipo masiku 40 aja akutha. Mayi amene mwana wake anafera m'manja mwa katswiriyu akhale mmodzi wa oweruza. Nkhani imeneyi ndimaitenga ndi mtima wonse, chifukwa wolemba amene angaipeputse wanyoza anthu enieni amene anakumana nazo.

Gawo lomaliza: sankhani maso, lembani tsiku loyamba

Tsopano muli ndi mapepala awiri odzaza ndi kope lodetsedwa. Zambiri mwa zimenezo wowerenga sadzaziona, ndipo zisalowe m'buku ngati ndime zofotokozera mbiri. Sankhani mpangankhani amene waima pomwe mizere yambiri ya mapepala anu ikudutsana. Mwana wa mfumu ndi kazembe wopambana akhalepo, koma maso abwino nthawi zambiri ndi a munthu wapakati: woyendetsa chombo cha katundu, kalaliki wa malipiro, mlonda wa chipata, namwino wa pa siteshoni. Munthu wotere amalandira malamulo kuchokera kumwamba ndipo amaona nkhope za amene malamulowo akuwagwera.

Mutu woyamba ulembeni motere. Yambani m'mawa wa tsiku limene uthenga wafika pamalo ake, osati tsiku limene mfumu yafa. Mumupatse ntchito yaing'ono ya masiku onse, yomwe lero singatheke popanda kusankha mbali. Tinene kuti ndi mayi woyang'anira doko. Zombo ziwiri zikupempha kutera nthawi imodzi, pomwe malo otsala ndi amodzi. China chanyamula sefa za mpweya koma mapepala ake ali ndi chidindo cha mfumu. Chinacho chanyamula asilikali a boma latsopano, ndipo kapitao wake akulankhula pawailesi mwaulemu wonse: "Mayi, tikudziwa kuti ndinu munthu womvetsa zinthu." Pakhoma la ofesi pali chithunzi cha mfumu chomwe wina wachitembenuza usiku koma sanayerekeze kuchichotsa. Wantchito wake wamng'ono waima pakhomo ndi fomu m'manja, akufunsa kuti pamzere wa dzina la dziko alembepo chiyani.

Lembani masamba asanu osaima, mpaka mayiyo atasankha chombo. Mukatero bwererani pa pepala loyamba lija, mufufute nambala ya masiku a mpweya, mulembepo yatsopano molingana ndi chomwe wasankha. Pamapu a nthawi werengani masiku amene uthenga wa zomwe wachitazo utenge kuti ufike kwa wolimbirana mpando aliyense. Amene amve koyamba ndiye mwini mutu wachiwiri.